Mipesa Isanu ndi Iwiri ya ku Westlands

Kuseri kwa ofesi ya bungwe lina la mpingo lothandiza alimi ku Westlands kunali mipesa isanu ndi iwiri imene inadya manyowa zaka zisanu ndi zitatu osabereka ngakhale kamphesa kamodzi. Masamba okha ndiye inali nawo, otambalala ngati a maungu, moti mlendo aliyense wosochera kuseriko pofunafuna chimbudzi ankaima n'kuyamikira. Eni ake, a Bulazala Edmond, akamva kuyamikirako ankangoyang'ana kumbali, chifukwa kwawo munthu sayamikira mpesa poona masamba.

A Bulazalawa anali mzungu wokalamba, wamfupi, wa zikhatho zokhakhala. Anabadwira m'katawuni ka m'chigwa cha mapiri a Alps, kumpoto kwa Italy, ndipo anagwira ntchito ku Dedza zaka makumi awiri akuluakulu awo asanawatumize ku Nairobi kukasamalira nyumba ndi bwalo la bungweli. Chichewa ankachidziwa, ndipo chinkatuluka bwino kwambiri akamakalipa. Ukawapatsa mpata pang'ono, ankakufotokozera za kwawo mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Ankati minda ya mphesa kumeneko imakwera phiri mpaka kutsala pang'ono kugunda chipale, pamalo pamene anthu a kuchidikha amati mpesa sungakhale. Mipesayo saitalikitsa. Amaiyanga pa thandala lolekeza m'chiuno, lokhala pa zipilala zamiyala, kuti miyalayo izisunga kutentha kwa dzuwa n'kumaifunditsa kukazizira. Pokolola, mudzi wonse umakwawa ndi maondo pansi pa mathandala, kuyambira meya mpaka wosula nsapato za akavalo. Vinyo wake ndi woyera, wowawasira, woluma lilime.

Timitengo tobzala anabwera nato mu 1991, atatikulunga m'sokosi zonyowa pansi pa sutikesi. Thandala anamanga okha, miyala yake anachita kukasankha okha. Ndipo chaka chilichonse pa 19 Malichi, tsiku la Yosefe Woyera, ankatuluka ku Misa n'kulunjika kuseri kukadulira mipesa yawo, chifukwa ndi tsiku limene bambo awo ndi agogo awo ankayamba kudulira. Mipesa inkaphuka, timaluwa tinkaoneka, kenako mvula ya Epulo inkafika n'kutioletsa tonse. A Bulazala ankaimba mlandu dothi, mbalame, nkhungu, ngakhale utsi wa matatu. Tsiku lokha ndilo silinkalakwa.

Zonsezi Lenah Namakhwa ankazionera pawindo la ofesi yake, mtima ukumuwawa. Anali mayi wa ku Thyolo, mwana wa munthu amene anakalambira pa ntchito yodulira tiyi. Anaphunzira zaulimi, koma chibwerereni ku Nairobi mu 1996 ntchito yake inali yolemba malipoti onena za minda ya anthu ena, ndipo dothi lokhalo limene ankaligwira linali matope a pansapato akatsika matatu ku Donholm. Chaka chake choyamba anayesa kuwauza a Bulazala mwaulemu kuti mwina kudulira kungasunthidwe.

"Mayi," anatero a Bulazala osatembenuka n'komwe, "kwanu mumalima tiyi. Tiyi ndi masamba."

Mawu amenewo Lenah anawameza, koma sanatsike. Anakhala nawo pakhosi zaka zitatu.

Mu Juni 1999, mkulu wa bungwelo, a Fumbani Mhango, anaitanitsa msonkhano wa antchito onse. A Mhango sanali munthu woipa, kungoti ankakonda zinthu zooneka, ndipo magalimoto atatu atsopano amene anali m'njira anali zinthu zooneka kwambiri. Analengeza kuti malo oimikapo magalimotowo akhala kuseri, ndipo amisiri adzayamba Lolemba loyamba la Seputembala.

A Bulazala anaimirira, milomo ikunjenjemera, n'kupempha chaka chimodzi chokha.

"Chaka chimodzi munachipempha kale kwa amene analipo ine ndisanabwere," anayankha a Mhango. "Bulazala, ino ndi ofesi. Tikanafuna mthunzi tikanabzala mango."

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamuimiritsa Lenah. Sankawakonda a Bulazala. Koma kuona chomera chikuweruzidwa kuti n'chosabereka pamene wolakwa ndi munthu, mkati mwa bungwe lodzitcha la alimi, kunamupsetsa mtima.

"Mipesa ija ilibe vuto, bwana. Siinagonepo chibwerereni kuno."

"Siinatani?"

"Siinagone. Kwawo kwa a Bulazala chisanu chimaivula masamba onse, imagona miyezi isanu, ndiye akaidulira mu Malichi imadzukira m'dzuwa. Kuno palibe choivula. Ikugwira ntchito chaka chonse, ndipo akaidulira mu Malichi maluwa ake amadzukira m'mvula. Kuzizira kwa kuno ndi Julayi. Tiyi kwathu timadulira nthawi yozizira, osati poyang'ana kalendala ya ku Ulaya."

A Mhango anamwetulira, poti nawonso ankakonda kuoneka ololera pagulu. "Chabwino, mayi Namakhwa. Mukandionetsa duwa limodzi la mphesa amisiri asanafike, ndiisiya."

"Palibe amene akhudze mipesa yanga," anatero a Bulazala, akuyang'ana Lenah, osati a Mhango. "Bola ifere m'manja mwa amisiri."

Munthu wina akanalekera pomwepo, chifukwa kupulumutsa chinthu chimene mwini wake sakufuna kuti uchipulumutse ndi ntchito yopanda zikomo. Lenah analekeza kulankhula kokha. Ankadziwa kuti pakati pa Julayi a Bulazala akupita ku m'bindikiro wa masiku makumi atatu, kumene ngakhale foni salola.

Ananyamuka Lachisanu, atasiya lamulo kwa mlonda, a Petro, kuti azithirira m'mawa uliwonse. Madzulo a tsiku lomwelo Lenah anamasula payipi yothirira, anaipinda, n'kuikoleka paphewa. Anakwera nayo matatu mpaka m'tawuni, kondakitala akumulipiritsa ngati anthu awiri, n'kukweranso ina ya ku Donholm. Payipi ya bungwe la mpingo inagona pansi pa bedi lake mwezi wathunthu. A Petro atafunsa, anawauza kuti akathira ngakhale ndowa imodzi akangana, ndipo a Petro, amene msana unkawavuta kale, sanaone chifukwa chokanganirana.

Loweruka m'mawa anabwerera kuofesi atavala chitenje ndi juzi. Kunali kwa mitambo, kamphepo ka Julayi kakulowa mpaka m'mafupa. Anagwada, nakwawira pansi pa thandala, nayamba kuthothola masamba limodzilimodzi ndi manja. Ntchito imene kwawo kwa a Bulazala imagwiridwa ndi chisanu m'sabata imodzi, iye anaigwira ndi zala Loweruka lonse ndi Lamulungu atachoka kutchalitchi. Maondo anasupuka, zala zinachita dzanzi. Atamaliza anaunjika masambawo pakona ya mpanda, naimirira kuti aone ntchito yake, ndipo mantha anamugwira. Mipesa inali mbulanda, yotuwa, yokhotakhota, yosasiyana ndi nkhuni. Iye mpesa anali asanaulimepo chibadwire. Zimene ankadziwa zinali za tiyi ndi za m'mabuku, ndipo anavomereza mumtima mwake kuti mwina waipha.

Lolemba anthu a muofesi anachita kusinthana pawindo lake. Ena ankamuuza "pole" ngati wafedwa. A Mhango anangoti, "Mwatichepetsera ntchito."

Anaisiya ndi ludzu masabata atatu ndi theka. Kenako anagula mpeni wodulira ndi kudula nthambi zonse za chaka chatha, kusiya mfundo zochepa pa iliyonse, n'kubweza payipi n'kuthirira mpaka dothi kukhuta. Patapita masiku asanu a Bulazala anafika.

Sanalowe n'komwe m'chipinda chawo. Anazungulira kuseri ndi chikwama m'manja, monga ankachitira akachoka ulendo uliwonse, ndipo Lenah anawaona pawindo ataima chilili. Anatuluka yekha osadikira kuitanidwa.

"Ndine ndachita zimenezi, Bulazala. A Petro alibe mlandu."

A Bulazala anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. Anagwira nthambi ina yodulidwa, naisisita ndi chala pachilonda. Lenah anayembekezera Chichewa chawo chokalipira chija, ndipo anali atakonzeka kuchilandira. Koma mawu anatuluka otsika.

"Mpesa uwu unachokera m'munda wa mayi anga. Munda umenewo kulibenso, anadutsitsapo msewu. Inu mwauvula ngati nkhuku."

"Ndaugoneka. Udzuka."

"Mwaudziwa liti mpesa inu?"

"Sindiudziwa. Koma Nairobi ndikumudziwa, ndipo inu zaka zisanu ndi zitatu mwakana kumudziwa."

Kuyambira tsiku limenelo a Bulazala anasiya kumulankhula. Akakumana pakhonde ankayang'ana khoma. Pa Misa ya Lachisanu ya antchito, nthawi yopatsana mtendere ikafika ankapezeka ali mbali ina ya chipinda. Zimenezi zinamupweteka Lenah kuposa mmene ankaganizira, koma sanapepese, chifukwa kupepesa kukanatanthauza kuti walakwa, ndipo zimenezo anali asanazione. M'mawa uliwonse asanalowe muofesi ankagwada n'kuyang'ana mfundo iliyonse. Ogasiti wa chaka chimenecho anazizira mpaka kumapeto. Mfundo zinangokhala duu.

Lolemba loyamba la Seputembala lole inafika itadzaza kokoto, timiyala tothira pansi, pamwamba pake patakhala amuna anayi ndi mapiki. A Mhango anatuluka atavala tayi yofiira.

"Duwa lija lili kuti, mayi Namakhwa?"

Lenah anakanda khungwa ndi chikhadabo, nawaonetsa kubiriwira kwa mkati. "Ili moyo, bwana. Ndipatseni masabata awiri."

"Tinagwirizana duwa, osati khungwa. Fundi, anza kazi."

Lenah anali atavala suti yake yabuluu, chifukwa masana ake kunali alendo. Anavula nsapato, naziika bwinobwino pamwala, nagwada, n'kukwawira pansi pa thandala. Anakhala pansi pakati pa mipesa iwiri, mutu utawerama chifukwa cha kufupika kwa malowo, dzanja lililonse litagwira tsinde lake.

"Mayi Namakhwa, musadzichititse manyazi. Ndinu ofesala."

"Ofesala wa zaulimi, bwana. Ndili pantchito."

Amisiri anayang'anana. Mkulu wawo anakanda m'mutu, n'kuloza anzake kumapeto ena a thandala kumene kunalibe munthu. Piki yoyamba itagwa, chitseko cha kukhitchini chinatseguka, ndipo a Bulazala anatuluka. Anadutsa a Mhango ngati mtengo. Kugwada kunawatengera nthawi, maondo akulira, koma atangofika pansi anakwawa mwaluso la munthu amene anaphunzira kukwawa pansi pa mathandala asanaphunzire kuwerenga. Anakumbatira tsinde lachitatu, pafupi ndi Lenah, osamuyang'ana.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani," anatero.

"Sindinapemphe."

Manja anayi sangagwire mipesa isanu ndi iwiri. Anakhala pamenepo akumva mizu ikuduka, zipilala zikugwa, ndipo mpesa uliwonse ukamazulidwa a Bulazala ankatseka maso. Inayi inazulidwa n'kuponyedwa pa mulu wa masamba pakona ya mpanda. Amisiri atafika pafupi ndi phazi la a Bulazala, mkulu wawo anaika piki pansi n'kunena mu Chiswahili kuti iye sakumba pamene pakhala munthu wa Mulungu wa imvi, afune asafune. Apa n'kuti mawindo onse atadzaza mitu, ndipo ngakhale a muofesi yoyandikana nayo anali atasuzumira pampanda.

A Mhango anayang'ana wotchi. Alendo anali pafupi kufika, ndipo sankafuna kuti adzapeze ofesala wawo ali pansi pa thandala. Analamula kuti kokoto athiridwe pamene pakumbidwapo, simenti idikire.

"Itatu yotsalayo ichoka mwezi uno usanathe," anatero. "Ndipo inu mayi Namakhwa, kalata yochenjeza muipeza pa desiki."

Kalatayo anaipezadi. Anaiwerenga, naiika mu diloo, n'kupita kukatsuka maondo.

Sabata yomweyo mitambo inayamba kung'ambika, dzuwa la Seputembala n'kutulukira. Lachisanu mfundo za mipesa itatu ija zinatupa. Sabata yotsatira zinaphulika, timasamba taubweya tofiirira n'kusuzumira. Lenah sanauze munthu, chifukwa masamba anali atawaonapo aliyense. Anadikira. M'mawa wa Lachitatu la sabata yachitatu anagwada monga mwa masiku onse, ndipo pa mphukira yoyamba imene anaitembenuza panali kagulu ka timibulu tobiriwira, kosaposa chala chaching'ono. Pa yachiwiri panali tiwiri. Anawerenga mpaka makumi atatu n'kusiya, chifukwa maso anali atadzaza misozi. Mvula ya masika a kuno ikanadzapeza timphesa titagwira kale, ndipo kupsa kwake kukanagwera m'dzuwa la Januwale.

Poimirira anayang'ana kukona ya mpanda, ndipo chimwemwe chija chinasanduka ukali. Mipesa inayi yozulidwa ija, itagona chammbali pa masamba oola, mizu ili m'mwamba, nayonso inali itaphuka. Inalibe dothi, inalibe madzi, koma ndi mphamvu yotsalira m'matsinde inali itatulutsa mphukira, ndipo pa mphukirazo panali timagulu tomwe tija.

Anasankha waukulu pa yonse nausenza paphewa. M'chipinda cha misonkhano a Mhango anali ndi alendo atatu ochokera ku likulu la bungwe, akuwaonetsa mapepala onena za mmene bungweli limamverera nzeru za alimi. Lenah anakankha chitseko ndi phazi, nayenda mpaka kutsogolo, n'kutula mpesawo pakati pa tebulo. Dothi louma linayoyokera pamapepala ndi m'mbale ya mabisiketi.

"Duwa lija ndi ili, bwana. Ili ndi la umene munazula. A imene yatsala ali panja, ngati mukufuna kukawerenga."

A Mhango anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Mlendo wina, mayi wa magalasi, anaweramira pa mphukira n'kufunsa m'Chingelezi kuti chikuchitika n'chiyani. Lenah sanayankhe. Anawayang'ana a Mhango n'kuwasiyira funsolo, ndipo anaona khosi lawo likumeza kawiri.

"Ndi kafukufuku wathu wina," anatero a Mhango potsiriza, m'Chingelezi chosalala. "Wa mphesa za kumapiri. Akutsogolera ndi mayi Namakhwa."

"Ndiye itatu ija ikhala?" anafunsa Lenah m'Chichewa.

"Ikhala. Chotsani chinthuchi patebulo."

Anausenzanso n'kutuluka nawo, osatseka chitseko.

Kuseri anapeza a Bulazala atagwada pa mulu uja. Anali atatembenuza mipesa itatu yozulidwa, akuiyang'ana umodziumodzi, ndipo misozi inkatsika m'makwinya mpaka m'ndevu osaipukuta. Lenah anatula wachinayi pambali pawo. Kwa kanthawi palibe amene analankhula. Iye ankadziwa zimene zinali m'mutu mwa mkuluyo, zaka zisanu ndi zitatu za maluwa oola, ndipo ngakhale anali atasunga mawu ambiri oti adzawauze tsiku ngati limeneli, anapeza kuti sakuwafunanso.

A Bulazala anagwira mizu ya mpesa waukulu uja. Ina inali itauma, koma ya mkati, imene inakwiririka m'masamba onyowa, inali yofewabe.

"Uwu ungagwirenso," anatero, akulankhula ndi mpesawo. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana Lenah kumaso, koyamba m'masabata asanu ndi limodzi. "Mayi Namakhwa, inu mukuona bwanji? Tiubzale liti, ndipo pati?"

Lenah anayang'ana bwalo lonse. Malo okhawo amene dzuwa linkafika tsiku lathunthu anali omwe aja, pamene tsopano panali kokoto ndi galimoto yatsopano ya a Mhango, yoyera mbee, mapepala apulasitiki akadali pamipando.

"Lero," anatero. "Pamene unali."

Anapita kukatenga khasu m'kanyumba ka a Petro, n'kuwatuma kuti akauze dalaivala asunthe galimoto, chifukwa iye akuyamba kukumba kaya yasuntha kaya ayi.